Mmene Ndinawaumbira Magalasi Apongozi Anga

Kukoleji anatiphunzitsa kuti galasi ndi mchenga wosungunuka. Anzanga analemba zimenezi pamayeso n'kuziiwala, monga amachitira anthu anzeru. Ine ndinazinyamula mpaka ku Lungwena, kumene boma linanditumiza kukaphunzitsa, ndipo nditaona mchenga uli mbwee kuyambira pakhomo la kalasi mpaka kugombe, ndinayamba kuyenda ngati munthu amene wapatsidwa fakitale yaulere.

Kwathu ndi kumapiri a ku Ntchisi. Ndinabwera ndi sutikesi, njinga yakapalasa ndi buku la sayansi lothothoka chikuto, ndipo posakhalitsa ndinakwatira mwana wa m'banja lina lapafupi ndi mishoni yakale, anthu olima chinangwa ndi kupha nsomba. Nyumba ya mphunzitsi inali itasasuka denga, choncho ndinalowa chikamwini. Anatipatsa kanyumba kuseri, ndipo pakati pa ife ndi apongozi anga aakazi panali mpanda wa bango. Apongozi aamuna ndinapeza atamwalira kale.

Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. Mwambo umenewu kwathu uliko, kunyanjanso ndinaupeza, koma ine ndinaupitiriza muyeso. Ndinkafuna anthu azinena kuti mphunzitsi uja ngakhale anapita kusukulu ndi wamwambo. Ndikawaonera patali panjira, ndinkakhotera m'chinangwa ndi njinga yomwe, iwonso n'kupatukira mbali inayo, nsalu itaphimba nkhope. Moni tinkapatsana titafulatirana. Ndinkawadziwa ndi mapazi, chifuwa chawo cham'mawa ndi m'mphepete mwa chitenje. Mukanandiika pamsika n'kundiuza kuti ndiloze nkhope ya apongozi anga, ndikanaloza mayi wina wogulitsa tomato.

Apongoziwo anali osoka pamanja. Nsalu za paguwa kutchalitchi ankasoka ndi iwo, ndipo khanda lililonse la m'banjamo linkatuluka m'chikuta litavala kamalaya kawo. Mkazi wanga atakhala ndi pakati poyamba, anandiuza tsiku lina tikudya kuti amayi ake agula nsalu ya mwana koma yangokhala m'dengu.

“Singano akuiphonya,” anatero. “Dzulo anathira madzi pambali pa mtsuko. M'maso mwawo muli kamtambo koyera. Akuti mwina mwana ameneyu adzangomumva kulira.”

Mwamuna wanzeru akanafunsa za kamtamboko. Ine ndinasamba m'manja n'kukatenga buku langa. Ndinamuonetsa chithunzi cha diso lodulidwa pakati, mizere ikulowa n'kukakumana kuseri, ndipo ndinamufotokozera kuti munthu akamakalamba diso limafuna galasi lotukuka pakati kuti mizereyo ikumane pamalo pake. Iye anati bwanji tiwatengere kuchipatala cha paboma. Ndinati kumeneko akakhala pamzere tsiku lonse n'kuuzidwa kuti magalasi ali ku Blantyre. Kenako ndinanena mawu amene mkazi wanga amandikumbutsa mpaka lero alendo akabwera:

“Galasi ndi chiyani? Ndiwaumbira ndekha.”

Kumunsi kwa msika kunali bambo wina wa Chiyao, Msilamu, amene ankasungunula mtovu wa mabatire akutha n'kuumba timiyala tomizira maukonde. Anali ndi mvukuto wa chikopa cha mbuzi, makala ndi zikombole zogoba m'njerwa. Ndinapita kwa iye ndikuyembekezera kuti andiseka. Tsoka lake, ndinapeza munthu wokonda zachilendo kuposa ine.

“Walahi, mwalimu, ichi tipanga!” anatero, akumenya ntchafu. “Azungu ali ndi manja angati? Si awiri ngati ife tomwe?”

Akanakhala munthu wondiletsa, nkhani ikanathera pamenepo. Koma tinakumana ofanana, ndipo palibe amene anagwira mnzake malaya.

Za mchenga tinazisiya msanga. Tinaupemerera mpaka mikono kuwawa, ndipo unatuluka uli mchenga womwewo, wangotentha. Ndinalengeza kuti tigwiritsa ntchito mabotolo, poti ena anatiyambira kale ntchito. Ndinkafuna oyera, osati obiriwira, choncho ndinayamba kuyendera maenje a zinyalala kuseri kwa magolosale nditavala tayi. Makolo ena anakadandaula kwa ahedi kuti mphunzitsi watsopano wayamba kutcheza kachasu. Ena anati ayi, ndi misala ya maphunziro, imayamba choncho.

Chikombole choyamba chinali cha dongo la pachulu. Kusukulu tinali ndi kagalasi kamodzi kokuzira zinthu, koonera miyendo ya ziwala. Ndinakadinda m'dongo lofewa mbali iyi, kenako mbali inayo, kuti ndipeze zigamphu ziwiri zovundikirana. Zitauma tinaikamo zidutswa za botolo, n'kukwirira m'makala, mnzanga n'kuyamba kupemerera akuimba nyimbo za kwawo. Galasi linasungunuka ndithu, ndipo tinakumbatirana ngati tagoletsa chigoli. Koma linakakamira kudongo. Chimene tinatulutsa chinali chibuma chimodzi, dongo ndi galasi pamodzi, chonga mbatata yopserera.

Ulendo wotsatira ndinapaka mwaye wa koloboyi m'kati mwa chikombole kuti galasi lisamatirire. Linachoka bwinobwino. Nditaliyang'ana padzuwa ndinapeza kuti lakopera chilichonse chimene linagonapo: kamchenga kalikonse ka m'dongo, kamng'alu kalikonse, ngakhale mizere ya chala changa chachikulu. Apa mpamene ndinaphunzira chinthu choona pa ntchito yonseyi, kuti galasi silingasalale kuposa chikombole chake. Ndinapezanso kuti dongo likamauma limanyala, moti kutukuka kumene ndinadinda kuja sikunali kumene kunatuluka. Zimenezi ndinaziona ngati nzeru zazikulu, ndipo ndinakaziphunzitsa ana a sitandade 7 ngakhale sizinali pasilabasi.

Lina linatuluka looneka bwino pang'ono, ndipo chifukwa cha phuma ndinaliponya m'chitini cha madzi kuti lizizire msanga. Linalira kuti thee! n'kusanduka shuga. Kuyambira pamenepo tinkalikwirira m'phulusa lotentha kuti lizizizira lokha mpaka mawa lake. Zala zanga zinali ndi matuza okhaokha, moti choko ndinkagwira ngati ndikugwira nkhanu.

Masiku amenewo utsi wosadziwika sunkafuka nthawi yaitali popanda wina kudzafunsa. Kuseri kwa mapiri a ku Namwera kunali nkhondo ya anzathu a ku Mozambique, ndipo anthu awiri osungunula zinthu mobisa pansi pa mtengo wa mango anali nkhani. Tsiku lina kunabwera atcheyamani a chipani a m'dera lathu, baji ili pachifuwa. Anayamba aona makadi athu a chipani, kenako analoza ng'anjo ndi ndodo.

“Aphunzitsi, zimenezi n'chiyani? Anthu akuti mukupanga zipolopolo.”

Mawu amenewo ankamangitsa munthu. Koma pakamwa panga sipanandigwiritsepo mwala. Ndinati ichi ndi chitukuko, bwana, ntchito yodzidalira, kuti nkhalamba zathu zisamadikire magalasi ochokera kunja. Atcheyamani anatola kachidutswa kamodzi, anakaika padiso, anayang'ana kumwamba, n'kugwedeza mutu ngati aona zinazake. Anati apereka lipoti labwino, ndipo ndikamaliza za apongozi ndiyambe zawo. Atachoka mnzanga anakhala pansi n'kumwa madzi a m'chitini chozimitsira mtovu. Ine mantha atatha ndinatsala ndi matama okha: tsopano ndinali ndi oda yachiwiri.

Nzeru ya belu inandibwerera ndikupalasa njinga kupita kusukulu. Ndinayang'ana chivundikiro cha belu langa, chachitsulo, chozungulira bwino ngati kambale, ndipo ndinatsika pomwepo n'kuchimasula. Chitsulo sichinyala, chilibe mchenga. M'kati mwake ndinapukuta ndi mchenga wosefa, kenako phulusa, kenako mankhwala otsukira mano, madzulo alionse pakhonde, mpaka ndinayamba kuona mphuno yanga m'menemo. Chimenecho chinali chikombole chapansi. Chapamwamba chinafunika chosalala ndi cholemera, ndipo m'nyumba mwathu chinthu chotero chinali chimodzi chokha, simbi ya makala ya mkazi wanga.

“Belu mwadya, tsopano mukufuna simbi,” anatero. “Mawa mutenga chitseko.”

Njira yake inali iyi. Mnzanga ankafewetsa galasi pachitsulo china mpaka likhale ngati phala lolimba, n'kulikankhira m'belu, ine n'kulipsinja ndi simbi. Belu likazizira kwambiri galasi linkachita makwinya. Likatentha kwambiri galasi linkakana kuchoka. Pakati pa ziwirizi panali kamphindi kochepa kamene tinkakapeza mwangozi, ndipo tikakapeza aliyense ankati ndi iye wakadziwa. Tinaswa mabotolo ambiri. Pamapeto pake tinatsala ndi awiri ooneka ngati magalasi. Limodzi linali lokhuthala kuposa linzake, linalo linali ndi kathovu pakati ngati diso la usipa. M'mbali ndinanola pamwala wonolera zikwanje. Chogwirira ndinapinda masipoko, n'kuveka mphira wa valavu pokolowekera makutu. Chifukwa cha kulemera ndinawonjeza chingwe chomangira kunkhongo.

Ndinawayesa pamaso pa kalasi yonse, masana dzuwa lili paliwombo. Ndinalozetsa galasi papepala, kadontho kowala kanaoneka, pepala linada, kenako linafuka utsi. Ana anaomba m'manja. Ine ndinatenga zimenezo ngati umboni wokwanira. Sizinandibwerere m'mutu kuti apongozi anga sankafuna kuyatsa moto.

Woyeza maso amakhala pafupi ndi wodwala, mphuno ndi mphuno. Ine ndinawayeza apongozi anga ndili kuseri kwa mpanda wa bango, nditafulatira, manja ali kumbuyo. Mkazi wanga ndiye anali pakati, kunyamula magalasi kupita uko, kunyamula mayankho kubwera kuno.

“Avala?”

“Avala.”

“Afunse ngati akuuona mtengo wa papaya uli pakona.”

Kunamveka kunong'ona. “Akuti akuuona.”

Mtengowo anabzala ndi iwo omwe. Akanatha kuuloza ngakhale ali m'tulo.

“Nanga khola la nkhuku?”

“Akuti liri pomwepo.”

Mafunso anga onse anali otero, ofuna inde. Sindinafunse kuti papayayo ali ndi zipatso kapena ayi. Kenako ndinamva mawu awo enieni, otsika, akulankhula ndi mpanda: “Zikomo, apongozi. Mwavutika. Mulungu akudalitseni manja amenewo.” Ndinaomba m'manja mwaulemu n'kubwerera m'nyumba, ndipo chifuwa chinatsala pang'ono kukanika kulowa pakhomo.

Lamulungu anavala kutchalitchi. Ine ndinakhala mbali ya amuna, ndikuyang'ana mfundo ya chingwe changa pankhongo pawo. Amayi anzawo ankacheuka, ana ankatsinana, wina anatuluka panja atagwira pakamwa. Ndinaganiza kuti ndi kusirira. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mbuziyo sidziwa.

Patapita milungu ingapo analengeza kutchalitchi komweko kuti kuchipatala cha paboma kubwera dokotala wa maso, akhala masiku ochepa, ndipo onse amene akuona chifunga apite akawaone. Mkazi wanga, mimba ili kutsogolo, anapita kuseri kwa mpanda tsiku lomwelo. Anabwera nkhope itasintha.

“Akana,” anatero. “Akuti magalasi ali nawo kale. Akuti akapita, anthu anena kuti ntchito ya apongozi awo yalephera, ndipo inu muyenda bwanji pamudzi pano.”

“Ndiye vuto n'chiyani? Si akuona?”

“Nsalu ija ikadali m'dengu.”

Ndinapsa mtima, ndipo ndinapsa mtima ngati munthu wolakwiridwa. Ndinati maso amafuna nthawi kuti azolowere. Ndinati iwo eni ananena ndi pakamwa pawo kuti akuona, ndiye iwe ndiwe yani. Ndinanenanso za zala zanga, za belu langa. Mkazi wanga anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Pitani mukawayang'ane nokha,” anatero.

Ankadziwa kuti sindingathe. Inenso ndinabisala m'menemo. Ndinati ine ndine munthu wamwambo, sindingachite zachipongwe zotero, ndipo ndinatuluka ndi ulemu wanga wonse kupita kukacheza kwa mnzanga wa mtovu, amene anandiuza kuti akazi samvetsa sayansi.

Dokotala anafika paboma. Anthu a m'mudzi mwathu ena anapita, otsogoleredwa ndi ndodo. Apongozi anga anakhala.

Tsiku lina masana ndikuchokera kusukulu wapansi, poti tayala linali litaphwa, ndinawaona akubwera panjira ya kumunda, okha, kadengu ka chigwada kali pamutu, magalasi anga akunyezimira. Ndinachita monga mwa nthawi zonse: ndinalumphira m'chinangwa n'kufulatira, kudikira kuti nawonso apatuke. Sindinamve kupatuka. Ndinamva mapazi akukhwekhwereza pang'onopang'ono, kuima, kuyambanso. Ndinasuzumira pansi pa mkono. Anali atasiya njira, akufufuza pansi ndi chala chaphazi, dzanja lili kutsogolo, akulunjika pa chitsamba cha minga chimene chinali m'malire a munda.

Ndinasuntha, masamba n'kuchita phokoso. Anaima.

“Ndani ameneyo? Mwanangu, kaya ndiwe wa kwa yani, tandigwira dzanja. Njira yandithawa.”

Palibe tsamba la buku langa limene linanena zochita pamenepa. Ndikalankhula, adziwa. Ndikathawa, agwera paminga. Ndinatuluka m'chinangwa n'kuwagwira dzanja, ndili chete ngati mbala. Dzanja lawo linali lopepuka, louma, ndipo linandigwira mwamphamvu.

“Ndiwe wosalankhula? Chabwino, ungondifikitsa pa mtengo wa bwemba, pamenepo ndidziwa.”

Tinayamba kuyenda. Iwo anali munthu wocheza, chinthu chimene sindinkachidziwa, poti ine ndinkangowamva akuti zikomo.

“Zinthu izi zikundipweteka pamphuno,” anatero. “Popanda izi ndimaonako mthunzi wa munthu. Ndikavala, mthunziwo umakhala pawiri, wina uku wina uku, ndiye sindidziwa woti ndiupatse moni. Koma usakanene, wamva? Anandipangira ndi apongozi anga, aphunzitsi aja. Mwana wa eni ake, wachokera kutali, alibe mbale kuno. Akuti zala zonse zinapsa. Ndiye ine ndikavule? Ndivala basi. Maso anga anatha kale, koma iye nkhope yake ikadali ndi ntchito.”

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Koma nthaka ya ku Lungwena ndi mchenga, imangokulowa m'nsapato.

Pa bwemba anaima, anatula dengu, anamasula chingwe kuti apukute thukuta. Pamphuno panali bala lofiira la sipoko. Ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirireni mwana wawo, ndinayang'ana apongozi anga kumaso. Anali ndi nkhope ya mkazi wanga, yokalamba. Pakati pa diso lililonse, pamene pamayenera kukhala pakuda, panali poyera ngati dontho la mkaka. Inali ng'ala. Ngakhale mwana wa sitandade 3 akanaiona. Inalinso m'buku langa lomwe lija, tsamba lotsatira, limene sindinatsegule chifukwa loyamba linali litandikwanira. Galasi lililonse, ngakhale la ku Blantyre, likanangokhala panja pa chitseko chotseka.

“Ndine, amayi,” ndinatero.

Anandisiya dzanja ngati agwira mphika wamoto. Anakoka nsalu kuphimba nkhope, anatembenuka kuti athawe, koma analibe kothawira, poti sankaona. Tinaima choncho pansi pa bwemba, wina kuyang'ana kum'mawa wina kumadzulo.

“Mwamva zonse?” anafunsa m'nsalumo.

“Ndamva.”

“Ine pakamwa panga!”

“Amayi, magalasi aja ndi oipa. Ndikupempha mawa tipite kuboma, dokotala asanachoke.”

Kenako dzanja linatuluka m'nsalu, likufufuza m'mwamba.

“Poti mwandigwira kale, ndifikitseni kunyumba.”

Madzulo ake ndinagwira nkhuku yathu n'kumutuma mkazi wanga kuti akapepese kwa amayi ake chifukwa chowagwira dzanja. Pampanda anakumana ndi mng'ono wake atanyamula nkhuku ina, yochokera kwa amayi, yodzapepesa kwa ine chifukwa chonyoza ntchito yanga. Mkazi wanga anaseka mpaka kukhala pansi, mimba ikugwedezeka. Nkhuku zinangosinthana makola.

Mkazi wanga sakanatha kuyenda ulendo wautali, ndipo galimoto yodutsa kwathu inali yosadalirika. Ndinamata tayala, ndinapinda bulangete pakaliyala. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaona chinthu chimene sichinaonekepo: mkamwini akupalasa, apongozi ake ali kumbuyo. Poyamba anagwira chitsulo cha chishalo, atakhala chammbali, nkhope itaphimbidwa. Titalowa mumchenga njinga n'kuyamba kuvina, ndinamva zala ziwiri zikugwira malaya anga kumsana, mosamala ngati akutola chinthu chodetsedwa. Belu ndinalibe, choncho njira yonse ndinkakuwa ndi pakamwa kuti “Njinga! Njinga!” ndipo mbuzi sizinkandimvera. Pamlatho wa Shire anyamata a chipani anatiimitsa kufuna makadi. Mmodzi anafunsa kuti mayiwa ndi ndani wanu. Tinayankha nthawi imodzi, iwo kuti “mwana wanga,” ine kuti “apongozi anga,” ndipo mnyamatayo anatiyang'ana n'kutiuza kuti tidutse.

Pamzere tinakhaladi nthawi yaitali, pa ichi chokha ndinalosera zoona. Wothandiza dokotala anawaunika ndi tochi, n'kunena kuti ng'ala zapsa m'maso onse awiri, koma ulendo uno achita diso limodzi, linalo lidikire dokotala akadzabweranso. Anaona bala la pamphuno n'kufunsa chimene chinawacheka. Ine ndinayamba kuwerenga malata a denga. Apongozi anati ndi nkhuni.

Anawagoneka m'chipatala. Ndinabwerera kukaphunzitsa, mlamu wanga wamkazi n'kupita kukawadikirira. Masiku amenewo anali aatali. Ndinkalemba pabolodi n'kuiwala chimene ndalemba. Ndinkaopa kuti mwina miyezi imene ndinataya ndi belu ija ndi imene inali yofunika, ndipo akamasula bandeji apeza mdima womwewo.

Loweruka tinapeza lole ya nsomba yopita kuboma, ndipo tinakwera ine ndi mkazi wanga. Tinapeza atawamasula kale. Masiku amenewo akachotsa ng'ala ankapereka magalasi okhuthala kwambiri, ndipo awo anali pakabati pambali pa bedi, iwo akupumitsa diso. Mkazi wanga anathamangira kwa amayi ake. Ine, pepani, ndinathamangira magalasi. Ndinawanyamula n'kuwalozetsa kuwindo. Anali okhuthala ngati anga omwe, zimene zinanditonthoza pang'ono, koma oyera ngati madzi a pachitsime, opanda thovu, opanda khwinya, onse awiri ofanana ndendende. Ndinayendetsa chala pamwamba pake ndikudzifunsa kuti chikombole chake anapukuta ndi chiyani. Nsanje inandigwira, sindinama.

“Bweretsani kuno, inu,” anatero mkazi wanga. “Si anu.”

Ndinamupatsa n'kubwerera pakhomo la wodi, n'kufulatira monga mwa malo anga. Kenako ndinamva apongozi akuti, “Iwe, mimba yakula chonchi? Ndipo watupa mapazi. Chitenje ichi si changa chija ndinkachifuna?” Mkazi wanga anayamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi.

“Aphunzitsi ali kuti?”

“Ali pakhomopo.”

“Auze abwere. Atembenuke.”

Ndinayenda pakati pa mabedi, odwala onse akundiyang'ana ndi diso limodzilimodzi. Ndinagwada pambali pa bedi, maso ali pansi.

“Dzutsani mutu, bambo.”

Ndinadzutsa. Kuseri kwa galasi diso lawo linali lalikulu, lofiira m'mbali, lakuda pakati, ndipo linkayenda pankhope panga pang'onopang'ono, kuyambira pachipumi mpaka kuchibwano. Sindinayang'anidwepo choncho ndi munthu wina aliyense. Pamene ndinkabwera kudzafunsira mbeta, chifunga chinali chitayamba kale, ndipo anapereka mwana wawo kwa mawu chabe ochokera kuseri kwa mpanda.

“Ndiye ndinu amenewa,” anatero. Anatembenukira kwa mwana wawo. “Ndinkayesa ndi wamtali.”

Wodi yonse inaseka, ngakhale amene anali ndi mabandeji. Iwo sanaseke. Anandiyang'anabe.

“Musasunthe. Tikabwerera kumudzi ndiyambanso kukuthawani, ndiye ndilekeni ndikuoneni lero, ndidziwe amene ndikumuthawa.”

Ndinagwada pomwepo, osaphethira, mpaka anakhuta.